Mthiko wosaoneka: mmene mafunde a mawu amasakanizira timadontho m'labotale

Munthu akathira shuga mu tiyi n'kuiwala kutakasa, amamwa tiyi wosatsekemera mpaka kapu itatsala pang'ono kutha, kenako n'kupeza shuga yense ali khale pansi. Vuto limeneli ndi laling'ono chifukwa supuni imakhala pafupi, ndipo kuzunguza kawiri kapena katatu n'kokwanira. Koma m'malabotale oyezera magazi, makhololo, mkodzo ndi mankhwala, kapu yakhala ikucheperachepera kwa zaka zambiri mpaka kufika poti palibe supuni ingalowemo, ndipo ngakhale ikanalowa sikanathandiza mmene timaganizira, chifukwa madzi akachepa kwambiri amasintha khalidwe. Nkhani ino ikufotokoza mmene mafunde a mawu amagwirira ntchito ya supuni m'madzi ochepa chonchi.

Kuti kuchepa kumeneku kumveke bwino, tiyambire pa dontho. Madontho 20 a madzi amapanga pafupifupi mililita imodzi, kutanthauza kuti dontho limodzi ndi mamayikulolita 50. Kachipangizo koyezera malungo mwachangu, kamene azaumoyo amagwiritsa ntchito akabaya munthu pachala, kamafuna magazi okwana mamayikulolita 5 okha. M'malabotale akuluakulu muli mbale zapulasitiki zokhala ndi timaenje 96, zina 384, zinanso 1,536, ndipo kadzenje kamodzi ka mbale yomalizayi kamadzadza ndi mamayikulolita pafupifupi 10. Kupitirira apo kuli tizipangizo tokhala ndi tingalande ta mamayikulomita 100 m'lifupi, kunenepa kwake ngati tsitsi limodzi la munthu. Zifukwa zochepetsera zinthu chonchi n'zomveka: mankhwala oyezera ndi odula, magazi amene angatengedwe kwa khanda lobadwa masiku asanakwane ndi ochepa zedi, ndipo amene akufufuza mankhwala atsopano amafuna kuyesa mitundu masauzande ambiri pa tsiku limodzi.

Kuyeza kulikonse kwa mtunduwu kumadalira kuti zinthu ziwiri zikumane, chimene tikufunafuna ndi chimene chimachizindikira. M'njira yotchedwa ELISA, imene Eva Engvall ndi Peter Perlmann anafotokoza ku Stockholm mu 1971 ndipo mpaka lero imagwiritsidwa ntchito poyeza matenda ambiri, kawirikawiri ma antibody, asilikali a m'thupi amene aliyense amagwira chinthu chamtundu umodzi wokha, amamatidwa pansi pa kadzenje n'kumadikira kuti puloteni imene ili m'magazi iwapeze pomwepo. Iwo sayenda. Amagwira msanga mapuloteni amene ali pafupi, ndipo posakhalitsa madzi okhudzana ndi pansipo amakhala opanda kanthu, pomwe milimita imodzi kapena awiri pamwamba pake padakali mapuloteni ankhaninkhani amene sakutsika. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zikuluzikulu zimene wogwira ntchito m'labotale amasiyira mbale kwa ola limodzi, maola awiri, mwinanso usiku wonse. Gawo lalikulu la nthawi imeneyo limathera pa ulendo wa mamolekyu, tizidutswa tating'ono kwambiri ta zinthu zimene zili m'madzimo.

Chifukwa chake madzi ochepa safuna kusakanikirana

Mu 1883, ku Manchester, Osborne Reynolds anathira utoto m'madzi oyenda mu paipi yagalasi. Madziwo akamayenda pang'onopang'ono, utoto unkaoneka ngati ulusi woongoka kuchokera kumayambiriro kwa paipi mpaka kumapeto, koma akawonjezera liwiro, ulusiwo unkagwedezeka, n'kuduka, n'kumwazikira m'madzi monse. Kuchokera pa ntchito imeneyi tili ndi nambala yodziwika ndi dzina lake, imene imayerekezera mphamvu ya madzi othamanga ndi kunanda kwa madziwo. Nambalayi imakwera liwiro likakwera kapena paipi ikakula, ndipo ikadutsa pafupifupi 2,000 m'pamene madzi a mu paipi amayamba chipwirikiti chimene chimasakaniza zinthu chokha. Tiyi wotakasidwa ndi supuni amafika m'masauzande. Koma madzi oyenda milimita imodzi pa sekondi m'kangalande ka mamayikulomita 100 ali pa 0.1 basi. Pamlingo umenewu madzi amachita ngati uchi: ukasiya kuwakankha amaima nthawi yomweyo, ndipo madzi amitundu iwiri olowa m'kangalande kamodzi amayenda moyandikana, ofiira mbali yawo, oyera mbali yawo, malire ali chioneke.

Chotsala ndi kuyendayenda kwa mamolekyu paokha, kumene asayansi amati diffusion. Molekyu iliyonse m'madzi imagundidwa ndi zinzake mbali zonse ndipo imadzandira popanda kolowera, ndiye m'kupita kwa nthawi imapezeka itasuntha. Choipa chake n'chakuti mtunda ukawirikiza kawiri nthawi imawirikiza kanayi, ndipo ukawirikiza maulendo 10 nthawi imawirikiza maulendo 100. Molekyu yaing'ono, monga ya mchere kapena shuga, imadutsa mamayikulomita 100 m'masekondi pafupifupi 10, koma milimita imodzi imaitengera mphindi zoposa 15. Antibody ndi yaikulu ndipo imayenda mochedwa kwambiri, moti mamayikulomita 100 omwewo amaitengera mphindi zingapo, pamene milimita imodzi imaitengera maola angapo.

Lamulo lomweli likatembenuzidwa limasonyeza njira yothetsera vuto. Mayi wokanda ufa wa mandasi amautambasula, n'kuupinda, n'kuutambasulanso, ndipo kupinda kulikonse kumawirikiza kawiri chiwerengero cha magawo osanjikizana, moti akapinda maulendo 10 magawowo amapitirira 1,000, lililonse lopyapyala kwambiri. Chida chilichonse chosakanizira madzi ochepa chimagwira ntchito yomweyi. Chimatambasula ndi kupinda madzi mpaka mtunda umene molekyu iyenera kudzandira utafupika, ndipo diffusion imamaliza zotsalazo m'kanthawi kochepa. Mfundo imeneyi ndi yofunika kuigwiritsitsa, chifukwa ndiyo imatithandiza kusiyanitsa chida chimene chikusakanizadi ndi chimene chikungozunguza madzi.

Njira zakale zilipo ndipo iliyonse ili ndi chilema chake. Kukoka ndi kulavula madzi mobwerezabwereza ndi pipeti, kachida kokokera madzi a muyezo wochepa, kumagwira ntchito, koma kumadya nthawi, kumalowetsa thovu, kumafuna kansonga katsopano pa kadzenje kalikonse, ndipo dzanja la munthu mmodzi silifanana ndi la mnzake. Makina ogwedeza mbale amathandiza pa timaenje 96, koma pa timaenje 1,536 madzi amakakamira m'makoma moti amangoyenda limodzi ndi mbaleyo ngati chinthu cholimba. Mu 2002 gulu la George Whitesides ku Harvard linasonyeza kuti timizere tosemedwa mopingasa pansi pa kangalande timapotoza madzi n'kuwapinda akamadutsa, njira yabwino ndithu, kungoti imafuna kuti madziwo aziyenda, ndipo siithandiza dontho limene lakhazikika malo amodzi.

Mmene kunjenjemera kumasandukira mtsinje

Ambiri akamva kuti mawu amasakaniza madzi amaganiza kuti mawuwo amakhutchumula dontho ngati mmene timakhutchumulira botolo la mankhwala a ana. Zikanakhala choncho sizikanathandiza, chifukwa funde la mawu limakankhira madzi kutsogolo pang'ono n'kuwabweza pomwe anali, ndipo m'madzi ochita ngati uchi chimene chapita n'kubwerera sichisiya kusintha kulikonse. Chinsinsi chili pa zimene zimatsala funde likamafooka. Aliyense amene anasambapo m'nyanja mwera ukuwomba amadziwa kuti mafunde akamasweka mopendekeka m'mphepete, munthu amapezeka watengedwa pang'onopang'ono kutali ndi pamene anasiya zovala zake, ngakhale kuti funde lililonse limaoneka ngati likungobwera n'kubwerera. Mphamvu imene mafunde amataya posweka imasanduka kayendedwe ka madzi kolowera mbali imodzi. Mafunde a mawu nawonso akamataya mphamvu m'madzi amasiya kayendedwe kokhazikika koteroko, kamene kamatchedwa acoustic streaming.

Zimenezi zinadziwika kalekale anthu asanaganize zozigwiritsa ntchito poyeza matenda. Zinali zodziwika kuti mchenga wothiridwa pa chitsulo chafulati chimene chikunjenjemera umathawira pamalo osagwedezeka, koma ufa wopepuka kwambiri umaunjikana pamalo ogwedezeka kwambiri. Mu 1831 Michael Faraday anasonyeza kuti chimene chimanyamula ufawo ndi timphepo tozungulira timene kunjenjemerako kumayambitsa, ndipo atachotsa mpweya ufawo unayamba kupita kumene mchenga umapita. Lord Rayleigh anafotokoza masamu ake mu 1884, ndipo mu 1948 Carl Eckart anafotokoza mtundu wina wa kayendedweka umene umachitika pakati pa madzi, kutali ndi khoma.

Mitundu iwiriyi ndiyo maziko a zida zonse zimene tikambe. Wa Rayleigh umabadwira pakhoma: madzi okhudza khoma sangathe kunjenjemera limodzi ndi anzawo, ndiye pamakhala kagawo kopyapyala kamene kukhuzana kumakhala kwakukulu, kosakwana mayikulomita imodzi ngati mawuwo akunjenjemera maulendo 1 miliyoni pa sekondi, ndipo kagawo kameneka kamazunguza madzi a pamwamba pake. Wa Eckart umabwera chifukwa madzi enieniwo amameza mawu pamene akudutsa, ndipo kumezaku kumawirikiza kanayi nthawi iliyonse imene kunjenjemera kwawirikiza kawiri. Ndiye chifukwa chake amene akufuna kuti mawu afookere m'kati mwa kadontho amagwiritsa ntchito mafunde onjenjemera maulendo mamiliyoni ambiri pa sekondi, kutali kwambiri ndi malire a khutu la munthu, limene silimva kupitirira maulendo 20,000.

Chivomezi chaching'ono pansi pa dontho

Njira imene yatchuka kwambiri imagwiritsa ntchito mafunde oyenda pamwamba pa chinthu cholimba, amene Rayleigh yemweyo anawafotokoza mu 1885, ndipo ndi amtundu umodzi ndi mafunde amene amagwedeza nyumba pa nthawi ya chivomezi. Kuti apangidwe pa kachidutswa kokwana pachikhatho pamafunika zinthu ziwiri. Choyamba ndi mwala wamtundu umene Jacques ndi Pierre Curie anatulukira khalidwe lake mu 1880, umene umatulutsa magetsi ukapanikizidwa, komanso umafufuma kapena kufwamphuka pang'ono ukapatsidwa magetsi. Masiku ano ambiri amagwiritsa ntchito lithium niobate, mwala wopangidwa m'fakitale wooneka ngati galasi. Chachiwiri ndi timizere tachitsulo tosindikizidwa pamwalapo, tooneka ngati zipeso ziwiri zolowetsana mano, timene Richard White ndi mnzake Voltmer anayambitsa ku Berkeley mu 1965. Chipeso chimodzi chikalandira magetsi osinthasintha mbali mofulumira, mwala wa pansi pa manowo umatukuka ndi kutsika motsatizana, ndipo funde limanyamuka n'kuyenda pamwamba pa mwala. Foni yam'manja iliyonse yamakono ili ndi tizipangizo tambiri ta mtundu umenewu timene timasefa mafunde a wailesi, choncho luso lotipanga mochuluka linakhwima kale.

Manambala ake ndi ochititsa chidwi. Pa lithium niobate funde limathamanga pafupifupi mamita 4,000 pa sekondi, ndiye likamanjenjemera maulendo 20 miliyoni pa sekondi, funde limodzi limatalika mamayikulomita 200, ndipo dzino lililonse la chipeso liyenera kukhala la mamayikulomita 50. Msinkhu wa fundelo ndi mananomita ochepa chabe, ndipo nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo 1 miliyoni a milimita. Palibe diso lingaone kugwedezeka kotero. Koma chifukwa chakuti kukwera ndi kutsikako kukuchitika mofulumira chonchi, pamwamba pa mwalapo pamakankha chilichonse chokhudzapo ndi mphamvu yoposa mphamvu yokoka ya dziko maulendo opitirira 1 miliyoni.

Funde likafika pansi pa dontho limakumana ndi madzi amene mawu amayendamo pang'onopang'ono, pafupifupi mamita 1,500 pa sekondi. Kusiyana kwa liwiro kumeneku kumachititsa kuti mphamvu ya fundelo idonthere m'madzi, ndipo imalowamo mopendekeka madigiri pafupifupi 22 kuchokera pa mzere woima chilili. M'kati mwa dontho mumakhala ngati mwabadwa kasupe wopendekeka amene akukankhira madzi m'mwamba ndi kutsogolo, ndipo popeza madziwo alibe kothawira, amagunda khungu la dontho n'kubwerera chozungulira. Showko Shiokawa ndi anzake ku Japan anafotokoza zimenezi mu 1989.

Munthu akayang'ana pa mayikulosikopu amaona izi. Kadontho ka mamayikulolita awiri kali phee pa mwala woyera, ndipo m'mphepete mwake mwadonthezedwa utoto wabuluu umene wangokhala pamalo amodzi ngati banga. Magetsi akangoyatsidwa, popanda phokoso lililonse lomveka, bangalo limakokedwa n'kusanduka ulusi, ulusiwo umazungulira, umapindika, umasanjikizana ndi madzi oyera, ndipo pasanathe masekondi angapo kadontho konse kamakhala ka mtundu umodzi. Mphamvu ikawonjezeredwa kadonthoko kamapendekeka n'kuyamba kuyenda pamwalapo, ikawonjezeredwanso kamatalika n'kulumpha ngati kamkondo ka madzi, ndipo pamapeto pake kamasweka n'kukhala nkhungu.

Apa m'pamene phunziro la ufa wa mandasi limabwereranso. Funde likamenya dontho pakati penipeni, mumabadwa akamvuluvulu awiri ofanana, wina kumanja wina kumanzere, ndipo madzi a m'kamvuluvulu mmodzi amatha kuzungulira nthawi yaitali osawolokera kwa mnzake. Funde likamenya mbali imodzi yokha, dontho lonse limazungulira ngati madzi a m'kapu, ndipo tinthu tolimba timene tili m'katimo timasonkhana pakati, mofanana ndi mmene masamba a tiyi amaunjikanira pakati pansi pa kapu munthu akamaliza kutakasa. Leslie Yeo ndi James Friend, pamene anali ku Monash University ku Melbourne, anagwiritsa ntchito kuzungulira kotereku kusonkhanitsa tinthu ting'onoting'ono komanso kulekanitsa maselo ofiira ndi madzi a m'magazi. Imeneyo ndi ntchito yothandiza, koma ndi kulekanitsa, kosemphana ndi kusakaniza. Kuti madzi asakanikiranedi, kayendedwe kake kayenera kumasinthasintha, ndipo gulu la Achim Wixforth ku Augsburg linasonyeza kuti kusinthasintha mphamvu ya mafunde kapena mbali imene akuchokera kumachititsa kuti madzi atambasuke ndi kupindika mosabwereza njira imodzi.

Ntchito ya Wixforth inabala kampani ya Advalytix ku Germany, imene inapanga makina otchedwa SlideBooster. Makinawa anali othetsa vuto la magalasi oyezera DNA, pamene timadontho masauzande ta DNA yodziwika timamatidwa pa galasi, ndipo madzi oyezedwa amayalidwa pamwamba pake mopyapyala n'kuvundikiridwa. Molekyu imene ili kumapeto kumodzi kwa galasi ingafune masabata kapena miyezi kuti idzandire sentimita imodzi n'kukapeza mnzake woyenera. Mafunde olowera pansi pa galasi ankayendetsa madziwo pang'onopang'ono usiku wonse, ndipo kadontho kalikonse kankalandira mamolekyu ochokera kutali.

Thovu ndi minga

Pali njira ina yotsika mtengo imene siifuna mafunde othamanga chonchi. Kathovu ka mpweya m'madzi ndi kofewa, ndipo mawu akakafika kamafufuma ndi kufwamphuka kwambiri kuposa madzi okazungulira. Mu 1933 Marcel Minnaert, pofufuza chimene chimachititsa kuti madzi othiridwa kapena oyenda pamiyala azilira, anapeza kuti kathovu kalikonse kali ndi liwu lakelake malinga ndi kukula kwake. Kathovu ka milimita imodzi kuchokera pakati kufika m'mphepete kamayankha kwambiri pa maulendo pafupifupi 3,000 pa sekondi, ndipo ka mamayikulomita 50 kamayankha pa maulendo pafupifupi 65,000. Kathovu kakaimbiridwa liwu lake, khungu lake limavina mwamphamvu n'kubala akamvuluvulu othamanga m'madzi oyandikana nako. Mu 2002 Robin Liu ndi anzake ku Motorola anatsekera timathovu m'timaenje ta m'khoma la kachipinda kakang'ono, ndipo kusakaniza kumene kukanatenga maola kunatha m'masekondi makumi angapo. Mu 2009 gulu la Tony Jun Huang ku Penn State linakola kathovu kamodzi m'kampanda kooneka ngati chilembo U pakati pa kangalande, ndipo madzi awiri oyenda moyandikana anasakanikirana m'nthawi yosakwana gawo limodzi mwa magawo 100 a sekondi.

Vuto la kathovu n'lakuti sikakhazikika. Kamakula kutentha kukakwera, kamasungunuka m'madzi, nthawi zina kamathawa, ndipo kukula kwake kukasintha liwu lake limasinthanso. Gulu lomwelo mu 2013 linasonyeza kuti timinga tosongoka totuluka m'makoma a kangalande tingagwire ntchito yomweyo, chifukwa nsonga yake ikamagwedezeka pa maulendo masauzande ochepa pa sekondi imabala akamvuluvulu awiri, ndipo chogwedezera chake ndi kachitsulo kotchipa kofanana ndi kamene kamalira m'mawotchi ndi m'zidole. Pa njira zonse zimene zafotokozedwa pano, iyi ndiyo ndimaiona kuti ili ndi mwayi waukulu wofika m'zipatala zazing'ono, chifukwa palibe mwala wodula kapena magetsi apadera amene imafuna. Mu 2015 anaigwiritsa ntchito kusungunula makhololo a odwala mphumu. Amene anagwirapo makhololo m'labotale amadziwa kulendera kwake, amadziwanso kuti kuwagwedeza mwamphamvu m'kabotolo kungamwaze tizilombo mumpweya, choncho chida chimene chimawasungunula ali otsekeredwa m'kangalande chimateteza wogwira ntchitoyo.

Zimene zafika kale m'zipatala

Mawu akugwira kale ntchito m'makina ena amene odwala ambiri amadalira osadziwa. M'makina akuluakulu oyezera shuga, impso ndi chiwindi, monga cobas c 501 amene Roche inapanga mogwirizana ndi Hitachi, madzi a m'magazi ndi mankhwala oyezera amasakanizidwa ndi mafunde olowera kukhoma kwa kachubu. Makina akale anali ndi kamthiko kachitsulo kamene kankalowa m'kachubu kalikonse n'kutsukidwa kasanalowe kotsatira, ndipo kutsukako kukapanda kukwanira, zotsalira za wodwala mmodzi zinkatha kusokoneza zotsatira za wina. Mafunde satenga kanthu kuchoka m'kachubu kamodzi kupita kena.

Makina a GeneXpert, amene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linavomereza kumapeto kwa 2010 kuti aziyeza chifuwa chachikulu ndipo afalikira m'zipatala za ku Malawi ndi ku Zambia, nawonso ali ndi kachipangizo kotulutsa mafunde a mawu osamveka. Koma ntchito yake ndi ina: kamaswa khungu lolimba la tizilombo ta chifuwachi kuti DNA ituluke. Kusakaniza koyamba kumachitikabe ndi dzanja, pamene wa m'labotale amathira mankhwala m'makhololo, n'kugwedeza, n'kudikira mphindi 15 asanawathire m'katiriji, kabokosi kapulasitiki kamene kamalowetsedwa m'makinawo. Palinso makina otchedwa Echo amene amagwiritsa ntchito mafunde olunjikitsidwa pamalo amodzi kuponya timadontho ta mananolita 2.5 (mananolita 1,000 ndiwo amapanga mayikulolita imodzi) kuchoka m'mbale ya pansi kupita m'mbale yovundikira pamwamba, popanda pipeti.

Ku University of Glasgow, Jonathan Cooper, Julien Reboud ndi anzawo anayesa kuthetsa vuto la mtengo m'njira yanzeru. Mwala wa lithium niobate ndi wodula moti sungatayidwe pambuyo poyeza wodwala mmodzi, ndiye iwo anaika magazi pa kachidutswa kena kotayika kosanjikidwa pamwamba pa mwalawo, kokhala ndi timabowo tondandalikidwa mwadongosolo timene timawongolera mafunde. Mu 2012 anasonyeza kuti pa kachidutswa kamodzi angaswe maselo a magazi pozunguza dontho, kenako n'kusintha liwu la mafunde kuti litenthetse dontholo mobwerezabwereza monga mmene imafunira PCR, njira yochulukitsa DNA kuti ipezeke mosavuta, ndipo anapeza DNA ya kachilombo ka malungo a mbewa m'magazi.

Kutentha kumene a ku Glasgow anakusandutsa chida ndi mdani wamkulu pa kuyeza kwina konse. Mphamvu ya mawu imene madzi ameza siisanduka kayendedwe yonse, yambiri imasanduka kutentha, ndipo kadontho kakang'ono kamatentha msanga. Ma enzyme (mapuloteni ofulumizitsa kusintha kwa mankhwala) ndi ma antibody ambiri oyezera anapangidwira kutentha kwa m'chipinda kapena kwa madigiri 37, ndipo akapitirira kwambiri amawonongeka osabwereranso. Kutentha kumafulumizitsanso kuuma, ndipo kadontho ka mayikulolita imodzi kakataya gawo la madzi ake, chimene tikuyeza chimaoneka chochuluka kuposa mmene chilili m'thupi la wodwala. Akatswiri amalimbana nazo povundikira dontho ndi mafuta, poziziritsa mwala kunsi, kapena poyatsa mafunde modukizadukiza, koma chilichonse mwa izi chimawonjezera zida ndi mtengo.

Vuto lachiwiri ndi lobisika. Mafunde akagunda khoma n'kubwerera amapanga malo okhazikika amene madzi sapanikizika, ndipo tinthu tolimba timakankhidwira pamenepo n'kundandalikana m'mizere. Thomas Laurell ku Lund ndi Henrik Bruus ku Denmark afufuza kwambiri mpikisano wa mphamvu ziwiri, yozunguza madzi ndi yokankhira tinthu m'mizere, ndipo pa maulendo 2 miliyoni pa sekondi m'madzi, malire ali pa mamayikulomita pafupifupi awiri: tinthu tocheperapo timatengedwa ndi kayendedwe ka madzi, tokulirapo timakankhidwira m'mizere. Selo lofiira la magazi ndi la mamayikulomita 7 kapena 8, ndipo timikanda ting'onoting'ono timene ma antibody amamatidwapo pa kuyeza kwina nthawi zambiri timakhala pafupi ndi malire amenewo. Choncho chida chikhoza kusakaniza bwino madzi koma n'kumaunjika maselo kapena timikanda pamalo amodzi, chimene chili chosiyana ndi cholinga cha woyeza.

Palinso nkhani ya zimene sizioneka pa chithunzi. Kachidutswa kosakanizira kamakwana pa chala, koma m'malabotale ofufuzira kumbuyo kwake kumakhala makina opangira magetsi othamanga ndi ena owakulitsa, olemera makilogalamu angapo ndiponso ofuna magetsi osadukaduka. Ntchito yochepetsa makinawa kuti aziyendera batire ikuchitika, ndipo kwa chipatala chakumudzi chodalira sola imeneyo ndiyo mbali yofunika kuposa kufupikitsa nthawi yosakaniza ndi kachigawo kena ka sekondi.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mmene zida zatsopano zimayesedwera. Zambiri zimasonyezedwa ndi utoto wothiridwa m'madzi oyera, ndipo utoto ndi molekyu yaing'ono imene imamaliza yokha msanga gawo lomaliza la ulendo, pomwe puloteni yaikulu ikanafuna kuti madzi apindidwe kambiri kuposa pamenepo. Komanso pali kuyeza kwina kumene kuchedwa kwake kumachokera pa kugwirana kwenikweni kwa mamolekyu, ndipo kumeneko kusakaniza ngakhale kutakhala kwabwino bwanji sikufupikitsa nthawi kwenikweni. Magazi nawonso safanana. A mwana amene malungo amuthera magazi amakhala opyapyala, maselo ofiira ali ochepa, pomwe a khanda longobadwa kumene amakhala onanda chifukwa maselo ofiira amatha kupitirira theka la magazi onse, ndipo mafunde amphamvu imodzimodzi amayendetsa magazi awiriwa mosiyana. Chida chisanaloledwe kupereka zotsatira zimene dokotala adzadalire popereka mankhwala, chiyenera kuyesedwa pa magazi amitundu yonse iwiriyi, m'chipinda chozizira komanso m'chipinda chotentha cha mwezi wa Okutobala, ndipo zotsatira zake ziyerekezedwe ndi za njira yakale yodikira maola pa magazi a anthu omwewo.